Ndakwecha mwaye wogula

Abale anga, sabata ino ndalakwa. Choipa kwambiri, ndalakwira munthu amene sindingathe kumupepesa maso ndi maso: mkamwini wanga.

Paja ndili kuno ku Loughborough kwa mwana wanga Esinati, uja ndi nesi ku Leicester. Iye ndi amuna ake, bambo a Tadala, atuluka mu lendi ku Braunstone, agula nyumba yawoyawo. Ndi nyumba yakale ya njerwa zofiira, ndipo pabalaza pali chiboo pakhoma pomwe eni ake akale ankasonkhapo moto. Bambo a Tadala anati chiboocho chikufunika kuchiveka miyala yosema ya ku France, ija amaigumula m'nyumba za anthu amene anapita kalekale.

Loweruka anatinyamula pa galimoto kukaigula.

Muyambe mwadziwa kaye mmene timakhalira. Kwathu ku Mchinji mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Nyumba za kuno n'zothina, tchire mulibe. Ndiye Esinati ndiye lamya yathu. Iwo amati, "Amayi a Tadala, afunseni amayi ngati akumva kuzizira." Ine n'kuti, "Uwauze kuti ndafunda." Tonse atatu tili m'galimoto imodzi, mawondo anga akugunda mpando wawo.

Tinakafika pa famu ina yakale, pomwe pali shedi yaikulu yodzaza miyala yokhayokha. Iwiri yoimirira, umodzi wopingasa pamwamba, ngati khomo limene nyumba yake inathawa. Mwini wake, mzungu wa chipewa chaubweya, ankaisisita ngati akugulitsa ng'ombe. Bambo a Tadala anasankha ina yosemedwa maluwa, koma yakuda bii ndi mwaye. Mzungu uja analoza mwayewo, n'kuyankhula nthawi yaitali atagwira pamtima. Esinati anali atapatuka, akuyankha foni ya ku shifiti, ndiye panalibe wondimasulira. Ine ndinamasulira ndekha. Ndinati bamboyu akupepesa kuti sanatsuke. Nditaona bambo a Tadala akugwedeza mutu, ndinati mwana waulemu uyu, sakufuna kuchititsa manyazi munthu wamkulu.

Esinati atabwera ndinamuuza kuti afunse kuti ankaphika pamenepa ndani. Mzunguyo anati sakudziwa. Ndinafunsanso kuti nanga nkhuni tizikatola kuti? Esinati anaseka, anati moto sudzayakapo. Chumuni anachitseka kale, ndipo adzaikapo hita ya magetsi yoonetsa chithunzi cha malawi. Moto wosawotcha ngakhale mbatata! Mtengo wake sindinafunse, chifukwa pobwerera Esinati sanayankhule mpaka kunyumba.

Lachiwiri miyala inabwera. Anaigoneka pabalaza pa mabulangete, mabulangete abwinobwino, kudikira mmisiri wodzaimanga.

Lachitatu onse anapita kuntchito, mdzukulu wanga Tadala kusukulu, ine n'kutsala ndi miyala.

Tsono panali zinthu ziwiri mumtima mwanga. Choyamba, Lamulungu azimayi a kutchalitchi akubwera kudzaona nyumba, ndipo pakati pawo pali a Nabanda a ku Normanton, amene maso awo amaona fumbi la kuseri kwa firiji ali pakhomo. Akanakanena chiyani? Kuti Esinati ali ndi mayi ake m'nyumba, koma mwaye uli pabalaza penipeni?

Chachiwiri n'chimene sindinauzepo munthu. Kwathu mwana wamkazi akakwatiwa amaphikira kwa mayi ake, kufikira tsiku limene mayiyo adzamuikira mafuwa akeake, kuti tsopano wakula, yambitsa moto wako. Esinati anakwatiwira kuno ine ndili ku Mchinji. Mafuwa sindinamupatse. Ndiye pano akulandira mafuwa a mayi wachilendo, wopanda dzina, osatsuka n'komwe. Ndinati ayi, dzanja langa lidutsepo.

Ndinamanga chitenje, n'kutenga sitiliwulo, sopo wa mbale ndi madzi otentha. Ndinagwada. Ndinakwecha, anzanga, ndikuyimba. Mwaye wa ku France ndi wamakani, koma sunakumanepo ndi mzimayi amene wakwecha mapoto ndi mchenga moyo wake wonse. Dzuwa lisanapendeke mwala wa kumanzere unali mbee ngati ufa woyera, ndi theka la wopingasa uja. Msana unakana, ndinati zotsalazo mawa.

Woyamba kufika anali bambo a Tadala. Lamya yathu inali ikadali ku shifiti.

Anaima pakhomo la pabalaza, chikwama chili m'manja. Ine ndinatembenukira kukhoma mwaulemu, kudikira kuti andithokoze. Nditasuzumira pang'ono ndinaona avula magalasi, apukuta, avalanso. Kenako anapereka moni kwa chitseko, anati mwaswera bwanji amayi. Ndinayankha khoma kuti ndaswera bwino, kaya iwo. Anatuluka. Anakakhala m'galimoto yosaliza, manja ali pachiwongolero, mpaka Esinati anafika.

Ine ndinkati mwina chimwemwe chawachulukira.

Esinati analowa yekha. Anayang'ana mwala, anandiyang'ana ine, n'kukhala pansi osavula nsapato.

"Amayi, mwaye ujatu ndi umene tinagula. Mwala woyera ukanapezeka paliponse."

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya lonse, ndi njuchi zomwe.

Musaiwale kuti ndine mlendo kuno. Miyezi yanga ndi yowerengeka, ndipo kalata yondiitana kuti ndibwere amalemba ndi bambo a Tadala. Ndinadzifunsa kuti kodi munthu amaitananso mpongozi amene amadikira kuti utuluke kuti akuwonongere katundu? Mwana wanga ndidzamuonanso liti?

Lachinayi lonse ndinakhala pampando moyang'anana ndi miyala ija, mbali yoyera ndi mbali yakuda. Poyamba ndinkaseka azungu mumtima, kuti anthu awa afika pogulitsa litsiro. Koma nditayang'anitsitsa mbali yakudayo ndinaona kuti mwayewo si wofanana. Pena ndi wochindikala, pomwe utsi unkakonda kudutsa. M'munsi muli kamalo kosalala, kodyeka, ngati pamene munthu ankanolerapo mpeni. Ndinazindikira. Ndi mmene unalili mwala wa pakhomo la khitchini ya amayi anga. Apa panali mnzanga, ankadzuka m'mawa kukoleza moto, ana akulira njala. Dzina lake linatayika, chotsala chinali mwayewo, ndipo ine ndinafufuta theka.

Mkamwini wanga anaona chimene ine mwini mwambo sindinachione.

Koma tisanamuyamikire kwambiri, tiyeni tidzifunse tonse. Inu amene mukumanga nyumba kumudzi ndi thukuta la mashifiti, chinthu choyamba chimene mumauza amisiri pa foni n'chiyani? Si kuti agwetse kakhitchini ka amayi, kakuda kaja, chifukwa kakuipitsa chithunzi? Mwaye umene unakulerani mukuutumizira fosholo. Mukatero mukwera galimoto kuno kukagula wa mayi a eni ake, n'kuugoneka pa bulangete.

Sindikuloza inu nokha. Mtondo wa amayi anga, chigayo chitafika pafupi, ndinayamba kumwetseramo mbuzi. Utang'ambika ndinauwaza n'kuphikira nyemba. Nyembazo zinapsa bwino, sindinama. Koma lero mdzukulu akandifunsa kuti amayi anu anasiya chiyani, ndidzamuonetsa chiyani? Chakale cha mwini timati n'chamtengo wapatali, chakale chathu timati n'chaumphawi.

Lachisanu mmisiri anabwera. Ine ndinabisala m'khitchini, khutu lili kuchitseko. Esinati anandinong'oneza kuti mmisiriyo akuti pali njira ziwiri: angathe kupaka mankhwala akuda kuti mbali yanga ioneke yakale, kapena kukwecha mbali yotsalayo kuti zifanane. Ndinamutuma kuti akawauze bambo a Tadala kuti ndagwira mwendo wawo, ndinalakwa, asankhe chimene mtima wawo ukufuna.

Esinati anapita kukawauza. Kenako bambo a Tadala anayankhula mokweza, moti lamya inalibenso ntchito.

"Amayi a Tadala, auzeni amayi kuti wogulitsa uja sakudziwa dzina la mayi amene anadetsa mwalawu. Koma amene anauyeretsa tikuwadziwa. Umangidwe mmene ulilimu."

Ndinagwira chitseko. Iwo anatsokomola pang'ono, n'kuwonjezera.

"Koma chaka chamawa akamadzabwera, sitiliwulo yense mudzabise."

Chaka chamawa! Ndinayankha firiji kuti zikomo bambo, ndamva.

Pano miyala ija yaima pakhoma, mbali ina yakuda, mbali ina yoyera, ngati munthu amene anamuitana akusamba. Pakati pake pakuyaka kamoto kabodza kaja. Esinati wakhala pamenepo ndi kapu ya tiyi, akuwotha. Sindinamuuze, koma mafuwa ake ndamupatsa. Tamupatsa awiri, ine ndi mnzanga wa ku France.

Lamulungu a Nabanda akubwera, ndipo ndikudziwa kuti asanakhale pansi adzafunsa chifukwa chake sindinamalize kukwecha. Ndidzawauza kuti mbali iyo ili ndi mwini wake.

Nanga inu, kakhitchini ka amayi anu kakadalipo, kapena mwatumiza kale fosholo?