Kuponi Imene Inadikira Pikapu Yanga

Mpaka lero munthu akandichulutsira ulemu ndimayamba kumukayikira. Khalidwe loipali ndinalitenga ku galaja ina ya pa Boma ku Kasungu, zaka zija boma linkagawa makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina kwa Kaomba. Malemu amuna anga anandisiyira kapikapu kokalamba, kotsokomola m'mawa uliwonse koma kofika kumene ukufuna. Iwo aja sankakhulupirira amakaniko ngakhale pang'ono, moti batire, rediyeta ndi chilichonse chomasuka ndi sipanala anachipaka penti yobiriwira imene inatsala popenta chitseko. Ine ndinkawaseka kuti akukayikira anthu a Mulungu popanda chifukwa.

Kuseri kwa nyumba yanga kunkakhala mayi ena ochokera ku Mulanje. Anabwera ndi amuna awo kudzalima fodya pa esiteti ngati matenanti, ndipo bamboyo atamwalira, mayiwo anapempha kamunda n'kukhazikika ndi ana awo atatu. Chaka ndi chaka dzina lawo linkadumphidwa polemba olandira makuponi, ati ndi obwera. Chaka chimenecho analandira. Anadzandionetsa kapepalako atakakulunga m'pulasitiki ya shuga. Akanangokolola chimanga chokwanira chaka chimodzi chokha, za utenanti akanaziiwala.

Ku depoti yapafupi feteleza anatha iwo akadali pamzere. Kenako zinamveka kuti malole atsitsa wina pa Boma, ndipo aliyense ankadziwa kuti feteleza wa makuponi sagonera. Amayi anzawo anapangana zolawirira wapansi Lolemba, pobwerera akasake njinga zonyamula matumba. Ine ndi kukoma mtima kwanga kopusa ndinawaletsa mayi aja kupita nawo.

"Mayi, musadzizunze. Galimoto ili ku galaja, akungokonza mabuleki basi. Lachiwiri tipitira limodzi, matumba anu adzatsikira pakhomo pompano."

"Ngati mwatero aphunzitsi, ndidikira," anatero.

Mwini galaja uja, abale, ulemu anali nawo wochita kusefukira. Ukangotulukira ankavula chipewa, kupukuta mpando, kufunsa za ana mmodzimmodzi, ngakhale za mwendo umene unadandaula mwezi watha. Lolemba nditaweruka ndinakwera matola kukatenga galimoto. "Madamu, pepani kwambiri, sipeya wachedwa kuchokera ku Lilongwe. Mawa m'mawa muipeza ikulira." Mawa lakelo anati wowotcherera wapita kumaliro. Lachitatu anati magetsi azima. Pikapu yanga inali kuseri kwa mpanda wa malata, ndipo ndikati ndikaione ankanditsekereza mwaulemu: "Ayi madamu, kuli girisi uko, mudetsa diresi."

Madzulo aliwonse ndinkapeza mayi aja atakhala pakhonde panga, ndipo ndinkawabwerezera mawu omwewo a makaniko ndi pakamwa panga. Anzawo anali atabwera kale ndi matumba awo. Lachinayi mayiwo anati bwanji angonyamuka okha. Ndinawauza kuti munthu waulemu ngati uja sanganame kanayi.

Lachisanu ndinajomba ku sukulu n'kulawira. Pabwalo la galaja panali pikapu ya ku esiteti ina, yofanana ndi yanga, boneti ili yasa, manijala wake ataima pambali n'kumayang'ana wotchi. Ndinangosuzumiramo podutsa. Rediyeta yake inali ndi penti ya chitseko changa. Ndinathamangira kuseri kwa mpanda osasamalanso za diresi, n'kupeza galimoto yanga ili pa njerwa, kutsogolo kuli mphako. Mabuleki anali asanawakhudze n'komwe.

Ndinakalipa mpaka mawu anasasa. Bamboyo sanachite manyazi, sanakwezenso mawu. Anavula chipewa.

"Madamu, sitinabe ayi, tangobwereka. Abwanawa rediyeta yawo inaphulika Loweruka, ndiye ali ndi feteleza wa fodya woti afike kumunda. Yawo ikangowotcheredwa, yanu ibwerera. Ndinaona kuti inu ndinu munthu womvetsa zinthu. Awa amalalata."

Madalaivala amene ankadikira pansi pa mtengo wa mango anaseka. Mmodzi anandiuza ngati akulangiza mwana kuti umo ndi mmene magalaja ena amayendera: galimoto ya munthu wofatsa ndiyo sitolo ya masipeya, ndipo wofuna yake ituluke amakhala pambali pake tsiku lonse atakwinya nkhope. Ndiye kuti mpando uja ankandipukutira unali woti ndikhale kutali ndi galimoto yanga. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Ndinathamangira ku depoti kuti mwina ndiwagwirire mayi aja malo pamzere. Mzere kunalibe, chitseko chinali chotseka. Panja mavenda anali atakhalira matumba, akugulitsa pa mtengo umene mayi wamasiye sakanaulota.

Pikapu inatuluka sabata yotsatira, yotsukidwa bwino mpaka matayala. Tinazungulira nayo madepoti mpaka ku Nkhamenya, kulikonse yankho linali lakuti watha, dikirani. Mvula sinadikire. Chimanga cha mayi aja chinamera bwinobwino, chitafika m'mawondo chinasanduka chachikasu, n'kubereka tizitsononkho tosadzaza m'dzanja. Ndinawapatsa zitini zingapo kuchokera mu nkhokwe yanga, koma malipiro a mphunzitsi sadyetsa mabanja awiri.

Nyengo yofesa nazale za fodya itafika, makapitawo a m'maesiteti anayamba kuyenda m'midzi kufuna matenanti, ndipo mayi aja analembetsa. Kumeneko chakudya amapatsa, koma fodya amafuna manja a banja lonse, moti mwana wawo wamkazi, amene anali wanzeru kwambiri m'kalasi langa la sitandade seveni, anasiya sukulu.

Tsiku lonyamuka anabwera kudzatsanzika, mtolo uli pamutu, ana ali pambuyo. Ndinkafunitsitsa atanditukwana, mwina mtima ukanapepuka. Ndinayamba kufotokozanso za makaniko uja, za rediyeta, za mmene anandipusitsira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Makanikoyo ine sindikumudziwa, aphunzitsi," anatero. "Ine ndinkadikira inu."