Munthu Wothirira Mawaya

A Twalha a ku Vingunguti anthu amawadziwa ndi ndowa. Amisiri anzawo a magetsi akafika pantchito amapempha makwerero, koma iwo amayamba kupempha madzi. Amathira monse mwadutsa waya wokwiriridwa, n'kukhala pamthunzi kudikira kuti nthaka imwe. Ogulitsa nyama amawaseka kuti mzee uyu amalima mawaya, chaka chamawa akolola mababu.

A Twalha anachoka ku Ntaja ndevu zisanamere, ndipo mumzinda wa Dar muno anaphunzira chinthu chimodzi chimene sakangana nacho: dothi louma limabisa. Waya wong'ambika mphira umaoneka wabwinobwino nthawi ya dzuwa, koma mvula ikagwa magetsi amathawira m'nthaka. N'chifukwa chake amanyowetsa kaye, kenako amamasula waya mbali zonse n'kulumikiza kabokosi kawo koyezera kotchedwa mega. Singano ikakwera, mphira ndi wamoyo. Ikagwa, pansipo pali bala.

Mwana wawo wamkazi yekhayo, Nasiba, anakwatiwa ku Mbezi, m'banja la a Shomari ogulitsa mpunga. A Twalha atapita kukacheza anaona pampu yamadzi pakona ya bwalo, ndipo pakamwa panawayabwa. Anafunsa komwe waya wadutsa. A Shomari anadziguguda pachifuwa kuti anamukwirira okha, osamulowetsa m'paipi, n'kuyala njerwa za simenti pamwamba. Njerwazo zinkathera pampope wachitsulo pomwe Nasiba amachapira, ali chosavala nsapato monga anazolowera kuyambira ali kamwana.

A Twalha anapempha ndowa, akuti angoyesa ngati kabokosi kawo kakugwirabe. Madzi analowa m'mipata ya njerwa. Atadina kabokosiko, singano inagwa.

Apa m'pamene ulemu wa kwawo unawamanga lilime. Asewere ako suwauza mosapita m'mbali kuti alakwitsa, pakhomo pawo pomwe, mwana wako akumva. Choncho anazungulira.

"Mzee mwenzangu, wayayu akufunika kumuonako pang'ono."

"Pampu ikupopa, fundi," anaseka a Shomari, akuwatchula kuti mmisiri m'Chiswahili. "Lero ndinu mlendo. Imwani chai."

Anamwadi tiyiyo, ndipo mpaka pano amadzida nazo.

Anayesa kudzera kwa mkamwini wawo, Ramadhan. Iye anangoyang'ana pansi n'kunena kuti bambo ake sangalole munthu kufukula njerwa zimene abale onse anabwera kudzazitamandira. Atasowa pogwira, a Twalha anagula magambuti oyera, aja amavala opha ng'ombe, n'kukampatsa Nasiba.

"Ukamapita pampope uzivala, mama. Wamva?"

Nasiba amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chiswahili. Anaseka mpaka misozi, n'kufunsa ngati mkwatibwi wovala zotere anamuonapo. Anawalonjeza kuti azivala.

Miyezi ya dzuwa inadutsa bwino. Komabe a Twalha ankawonda. Kumzikiti ankasochera pakati pa swala, ndipo mayi a Nasiba anayamba kudandaula kuti akukhala ndi munthu amene amangoyang'ana kumwamba ngati mlimi.

Mvula yaikulu imene kuno amaitcha masika inayamba m'mawa wina, yamphamvu, yosefukira m'ngalande. A Twalha anaimba foni.

"Nasiba, uli kuti?"

"Nafua, baba." Ankachapa.

"Wavala zija?"

"Nimevaa," anatero, kuti wavala. Koma anayankha mothamanga, ndi kamawu kaja ankanenera ali wamng'ono kuti shuga sanabe.

"Choka pampopepo. Lowa m'nyumba, uzimitse pampu. Ndikubwera."

Mayi a Nasiba anawapeza akusolola piki kuseri kwa chitseko. Anawagwira mkono.

"Bambo, mukakumba bwalo la eni ake? Mwana wathu adzakhala bwanji m'nyumba imeneyo?"

A Twalha anaona kuti mayiwo akunena zoona. Ankadziwa kuti a Shomari sadzawapatsanso moni, ndiponso kuti mkwiyo wonse udzatsikira pa Nasiba iwo atabwerera kwawo. Anaima pakhomo, madzi akuchucha padenga.

"Bola azilira ndikumumva," anatero.

Kondakitala wa daladala, minibasi ya kuno, anayang'ana pikiyo n'kufunsa ngati mzee akupita kumaliro.

"Ayi," anayankha a Twalha, akukhala pansi. "Tiyeni msanga."