Khadi la Chilombo Chonyamula Nyali

Mlongo wanga anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Tinakulira mu fulati ya ku Kabwata, pansanja yachiwiri, tili ndi amayi okha. Ali giredi naini, mnzake wa kusukulu wokhala ku Kabulonga anamupatsa makhadi a masewera a ku Japani, aja okhala ndi zithunzi za zilombo. Anali akale, operepeseka m'mbali, omangidwa ndi mphira.

Onse anali olembedwa m'Chingelezi kupatulapo limodzi. Limenelo linali ndi zilembo za Chijapani zokhazokha, ndipo pachithunzi panali chinthu chowonda, chachitali, chovala nsanza zotuwa, chitanyamula nyali. Pakamwa pake panali posokedwa ndi ulusi. Ine sindinkafuna kuliyang'anitsitsa, koma iye analikonda kuposa onse. Loweruka ankakwera minibasi kupita m'tauni, kukakhala m'kashopu ka intaneti kufupi ndi City Market, n'kubwerako ndi nkhani zatsopano za khadi lomwelo.

"Iwe, mvela," ankatero akuvula nsapato pakhomo. "Ichi sungachiike pansi kuchokela m'manja monga vinzake. Chifunika chiyambe chafa."

M'masewerawo, makhadi ogonjetsedwa amaunjikidwa pambali, ndipo muluwo umatchedwa manda. Chilombo chakecho chinkalowa m'masewera kuchokera pamulu umenewo basi. Tsiku lina anandiuza kuti pa khadi la Chingelezi pakamwa paja anajambulapo nsalu, kuopa kuti ana angachite mantha. Tsiku linanso anatenga tambula, n'kuika pamwamba pa chithunzicho kuti chikule, n'kundionetsa kuti mkati mwa nyali muja munali kanyumba kakang'ono ka zenera limodzi. Kanalimodi.

Amayi anali a mpingo wa Pentekosite, olandira alendo pakhomo la tchalitchi Lamlungu lililonse. Madzulo ena anaweruka msanga kuntchito n'kutipeza titakhala pansi pabalaza, makhadi ali mbwee. Analowa pomwe mlongo wanga ankakweza khadi lija m'mwamba akufuula kuti, "Uka kumanda, bwela!"

Anaima pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Ukuitana ndani m'nyumba mwanga?"

"Ni masewela chabe, Amayi."

Lamlungu titabwerako ku tchalitchi, mlongo wanga atapita ku mpira, amayi anandiitanira kuchipinda n'kundifunsa komwe ankabisa makhadiwo. Sanandiopseze, sanakweze mawu. Ndinangowauza: m'katoni ya nsapato, kunsi kwa bedi. Anawatentha pa mbaula pakhonde, akupemphera, ndipo utsi wake unkanunkha pulasitiki. Mlongo wanga atabwera anayang'ana phulusalo, kenako anayang'ana ine. Sanalire. Kuyambira tsikulo ankandiyankhula pokhapokha pakakhala chofunika, monga kufunsa makiyi kapena kundiuza kuti madzi abwera.

Patapita zaka zitatu, anadandaula mutu Lachitatu, Lachisanu khosi linauma, Lamlungu anamwalira. Madokotala anati anali matenda oumitsa khosi. Anali atangolemba mayeso a giredi thwelofu.

Maliro atatha, fulati ija inasintha. Ndikatsala ndekha masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinkamva ngati pali munthu wakhala pansi pabalaza, pamalo pomwe tinkasewerera paja, akudikira kuti ndiponye khadi langa. Sindinaonepo kanthu. Koma ndinkalambalala malowo popita kukhitchini, ndipo ndinazindikira kuti amayi nawonso ankalambalala. Pokolopa ankafika m'mphepete mwake n'kubwerera. Sitinakambiranepo.

Tinakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi, mpaka amayi atapuma pantchito n'kupeza kanyumba ku Chelstone. Tsiku losamuka ndinapita kukawathandiza kulongedza. Ndikupinda zitenje zawo, panagwa kampango komangidwa mfundo. Ndinamasula, munali khadi lija. Chinthu chija chinandiyang'ana, nyali ili m'dzanja, pakamwa posokedwa. Ndinakhala pabedi.

"Linali m'chikwama chake cha m'thumba," anatero amayi kumbuyo kwanga. "Kuchipatala anandipatsa pamodzi ndi zovala."

"Nanga bwanji simunalitenthe?"

"Ndinayatsa mbaula kawiri. Ndinalephera."

Anakhala pambali panga. Anali atakalamba ndithu. Anatenga khadilo m'manja mwanga. Anandipempha kuti ndiwauze zomwe mlongo wanga ankanena za ilo, chifukwa iwo sanamufunsepo. Ndinadabwa kuti ndinali ndisanaiwale kalikonse. Mawu ankatuluka m'kamwa mwanga ndi kalankhulidwe kake komwe, mpaka ndinaleka pakati, chifukwa zinkamveka ngati tili atatu m'chipindamo.

"Mwana wanga," anatero amayi, "undiuze zoona. Kodi n'chimenechi chinamutenga?"

"Ayi, Amayi. Anali matenda. Ili ndi pepala chabe."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa. Tsiku lina ndimati ndinachedwa kutentha. Tsiku lina ndimati sindikanatentha n'komwe. Anali mwana wabwino, sankamwa, sankayendayenda. Kanthu kamodzi kokha komwe ankakonda, ndinakaika pamoto."

Ndinawauza kuti nanenso ndinali ndi mlandu wanga, kuti anapita asanandikhululukire. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ankaona, koma ankayesa kuti nthawi ilipo, tidzagwirizana tokha tikakula.

Kunja lole yonyamula katundu inaliza hutala. Amayi anamanganso kampango kaja, osakaika m'katoni, koma m'chikwama chawo cha m'manja. Tinatsitsa mipando, mapoto, matilesi, mpaka fulati inatsala yopanda kanthu, mawu akumveka kawiri m'zipinda.

Nditafika pa masitepe ndinaona kuti amayi sakunditsatira. Anali atabwerera mkati, chitseko chili chotsekula pang'ono. Ndinawamva akuyankhula motsitsa mawu pabalaza, osati ngati akupemphera, koma ngati momwe ankatiuzira njira tikamapita kumalo achilendo. Anatchula nambala ya nyumba ya ku Chelstone, ndi poti minibasi imatsitsira. Sindinalowe. Ndinaima pomwepo mpaka anatuluka, n'kukhoma chitseko, n'kundipatsa makiyi kuti ndikapereke kwa eni nyumba.