Thabwa la a Onesimo Linapita ku Bangwe

Venansio ndi mwana wa a Onesimo ndi a Monika, anthu a ku Nsanje amene anabwera m'tauni kudzafuna ntchito n'kukhazikika ku Chilomoni. Iye ana ake ndi Hawkins ndi Phoebe, onse ophunzira bwino. Wonyoza kuti banja limeneli ndi la agalu akanyozere kwina, chifukwa agaluwo ndiwo anafolera nyumba yawo malata.

A Onesimo ankasamala maluwa kwa mzungu wina ku Namiwawa. Disembala ikafika, mzunguyo popita kwawo ankawasiyira galu. Anzake anatengera, kenaka amwenye, kenaka mabwana athu omwewa, mpaka kuseri kwa nyumba ya a Onesimo kunadzaza makola. Anzawo ena a kwawo ku chigwa atayambanso ntchitoyi, a Onesimo anawasonkhanitsa m'bungwe la osunga agalu, lokumana pakhonde pawo Misa ikatha. Chikwangwani analemba okha pathabwa ndi penti yofiira, n'kuchikhoma kukhoma la kumsewu. Miyendo itayamba kukana, anasiyira Venansio mpando n'kumuuza kuti, "Zina zonse usinthe, koma thabwa ili lisachoke pano ndili moyo." Venansio analonjeza.

Ku Bangwe kunali bungwe lina, la osambitsa agalu, oyenda khomo ndi khomo ndi ndowa, mankhwala a nkhupakupa ndi sizasi. Wapampando wake anali mayi Veronica, apongozi ake a Hawkins. Mnyamatayo anakwatira mwana wawo Evelina n'kukakhala komweko chikamwini, nkhani imene ku Chilomoni satchula pakudya.

Cha m'ma 2014 eni agalu anayamba kudandaula. Ankafuna kuti galu akasungidwa azibwerera atasamba, osati kulipira uku ndi uku. Hawkins ndiye anati mabungwe awiriwa aphatikizane. Venansio anakumana ndi mayi Veronica ku Limbe.

"Asewere, tisatalikitse," anatero Venansio. "Zikhale ngati ukwati basi. Ife ndi akale, ndiye mwamuna ndife."

"Palibe vuto, asewere, mwamuna ndinu," anayankha mayiwo mosavuta mpaka Venansio anadabwa.

Anabwerera akumwetulira. Kwawo ku Nsanje mkazi ndiye amasamukira kwa mwamuna. Sanaganizeko kuti mayi Veronica ndi Mlomwe, ndipo kwawoko mwamuna ndiye amanyamula katundu kupita kwa mkazi. Nawonso anabwerera akumwetulira.

Loweruka la phwando lophatikiza mabungwewo, ku Chilomoni anapha mbuzi, anayala mipando, nadikira. Dzuwa litafika pamutu Venansio anaimba foni.

"Muli pati kodi, asewere?"

"Pakhomo. Mpunga ukuzizira kuno. Inu muli pati?"

"Pakhomo."

"Nanga mkamwini amadikirira kwawo?"

Venansio anayang'ana foniyo ngati yamuluma. Anavala jekete, nakwera minibasi kukaimva bwino nkhaniyo. Nthawi yomweyo n'kuti Hawkins atanyamuka ku Bangwe kudzatenga alendo ochedwawo. Anapeza mamembala atadya mbuzi n'kubalalika, agogo ake ali mtulo pampando. Poti mbali zonse zinamuuza kuti zonse zatheka, anazula thabwa lija kuti wolemba zikwangwani wa ku Bangwe akawonjezere dzina latsopano.

Ku Bangwe Venansio anakhazikidwa pampando wa alendo, anamuimbira nthungululu, namuthokoza poti wabwera yekha modzichepetsa. Iye anayesa kufotokoza za ku Nsanje, iwo namufotokozera za kwawo ku Phalombe. Aliyense ankagwedeza mutu, wosamva mnzake. Pobwerera, ali pa Chichiri, anaona pawindo la minibasi ina thabwa la zilembo zofiira. Mumtima anati, anthu a m'tauni kukopera, mpaka penti yomwe.

Atafika anapeza misomali iwiri pakhoma, ndi bambo ake ataima ndi ndodo akuiyang'ana.

Mabungwewo anaphatikizanadi, ngakhale mpaka pano palibe amene angakuuzeni amene analowa kwa mnzake. Apampando alipo awiri. Misonkhano amaitanitsa malo awiri, ndipo ena amapita kolakwika. Agalu okha ndiwo zinawayendera, amabwerera kwa eni ake akununkhira sopo, ndipo makola a Venansio sakhalanso opanda mlendo.

Thabwa lili ku Bangwe, pakhoma la mayi Veronica. Venansio anapitako kangapo kukalipempha. Mayiwo amamulandira ndi tiyi, n'kumuuza mwaulemu kuti chimene wabwera nacho mkamwini ndi cha pakhomo. Hawkins amati adzalibweza apongozi akadzafewa, ndipo masiku ano akabwera ku Chilomoni amalowera khomo la kuseri. Phoebe anagula thabwa lina, analemba bwino ndi penti yofiira yomweyo, koma a Onesimo anati akatsekere khola.

Misomali ija a Onesimo anakaniza kuizula. Lamlungu lililonse, Misa ikatha, amakhala pakhonde n'kufunsa, "Venansio, thabwa langa lakwera minibasi iti?"

"Sabata yamawa, bambo," amayankha Venansio, maso ali kwa agalu.