Shuga wa kwa Foster

Winifred Longwe, amene ku Masasa amangomutchula kuti NyaLongwe, anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Nkhata Bay atangokwatiwa kumene. Ntchito yake inali yokazinga mandasi n'kumagulitsa pamphambano ya msewu wotsikira kumsika. Mwamuna wake, Gideon, ankatsitsa katundu pa sitolo yaikulu yopikulitsa ya bambo Foster m'tauni. Ufa, shuga ndi mafuta a mandasiwo zinkachokera komweko, ndipo Gideon ndiye ankabwera nazo panjinga akaweruka. Anali ndi ana awiri, Wiza ndi Fiskani, onse a pasukulu.

Tsiku lina kunkawaza mvula ija ya ku Mzuzu yosadziwa kukata. Gideon akutsika pa lole ndi thumba la ufa paphewa, anaterereka pathabwa lotsikirapo n'kumenyetsa mutu pasimenti. Anamwalirira kuchipatala, mkazi wake asanafike.

Bambo Foster sanatseke sitolo tsikulo. Abale atapita kukapempha galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi, anawayankha kuti Gideon anali waganyu chabe, osati wantchito wawo. Kumaliro sanafikeko. Thupi linapita ku Nkhata Bay pa galimoto ya mkulu wina wa mpingo.

Winifred atabwerako kumudzi, anapeza nkhani ili kale m'kamwa mwa aliyense. Mayi Peggy Msiska, mtsogoleri wa amayi ogulitsa zokazinga kumsika wa Masasa, anabwera kudzamupepesa n'kukhala naye pakhonde.

"Phepani chomene, NyaLongwe," anatero mayi Peggy. "Ife tagwirizana. Kuyambira mawa palibe wogulanso kwa Foster, ngakhale machesi. Aone kuti munthu si thumba la ufa."

Winifred anagwedeza mutu. Sanakwiye, sanasangalale. Masiku amenewo chilichonse chimene anthu ankamuuza chinkamveka ngati chikuchokera chipinda china.

Uthenga unayenda pa WhatsApp, unalengezedwanso potuluka m'tchalitchi. Poyamba zinatheka ndithu. Moyang'anizana ndi kwa Foster kunali sitolo ina yogulitsa katundu yemweyo pamtengo wofanana, kotero kunyanyalako kunangofuna kuwoloka msewu basi. Amayi a mandasi anawoloka, eni timagolosale ta ku Masasa ndi ku Geisha anawoloka, anyamata a kabaza nawo anayamba kukana kunyamula katundu wa pamenepo. Pakhonde la Foster panatsala alonda ndi nkhunda.

Bambo Foster atapanikizika anatuma kalaliki wawo kumsika kukafunsa kuti amayiwo akufuna chiyani kuti abwerere. Apa ndi pamene panavuta, chifukwa funso limeneli palibe anali ataliganizirapo. Wina anati akapepese kumanda. Wina anati aphunzitse ana a malemu mpaka amalize. Ena anati ayi, sitoloyo ingotsekedwa basi, mwini wake achoke mu Mzuzu. Anakangana mpaka mafuta anapserera pamoto. Kenako mayi Peggy anatembenukira kwa Winifred.

"Mwini nkhani ndinu. Mukufuna chiyani?"

Winifred anayang'ana mphika wake. "Kaya," anatero. Sikuti ankabisa mawu. Anafufuza mumtima mwake koma sanapezemo kanthu.

Kalaliki uja anabwerera wopanda yankho, ndipo sanabwerenso.

Patapita miyezi, shuga anasowa m'tauni monse. Sitolo ya patsidya ija inatsala mashelefu okhaokha. Kenako kunamveka kuti kwa Foster kwafika lole yodzaza. Oyamba kubwerera anali eni magolosale, amene ankati iwo Gideon sankamudziwa n'komwe. Amayi a mandasi anayamba ndi kutuma achibale a kutali, n'kusamutsira shugayo m'majumbo akuda asanafike kumsika. Pa WhatsApp paja panangoti zii. Palibe ananena kuti kunyanyala kwatha, ndipo palibe anafunsa.

Winifred anasiya mandasi n'kuyamba zitumbuwa, poti nthochi zimatsekemera zokha. Koma anthu odutsa pamphambano paja m'mawa ankafuna mandasi omwera tiyi. Ankasuzumira m'beseni mwake, n'kumupatsa moni mwaulemu, n'kukagula kwa mnzake wa pafupi. Madzulo zitumbuwa zinkabwerera kunyumba, ana n'kudya zomwezo. Wiza, wamkuluyo, anamuuza kuti iye angalole kugona ndi njala kusiyana n'kulawa shuga wa munthu ameneyo. Mayi ake sanamutsutse. Anangomuuza kuti akachape yunifolomu.

M'mawa wina Winifred anamanga chitenje, anakwera kabaza n'kukatsika pa sitolo ya Foster. Mzere unali utafika kumsewu. Anaima kumapeto. Kutsogolo kwake pang'ono kunali mayi Peggy, atafunda mpango kumutu ngakhale kunali dzuwa. Maso awo anakumana.

"Mwawuka uli, NyaLongwe?"

"Tawuka makola. Kwali imwe?"

"Makola."

Mzere unkasuntha pang'onopang'ono. Pambali panali lole, ndipo bambo wina wachilendo ankatsika ndi matumba paphewa. Thabwa lija anali atalichotsa, ataikapo chitsulo chokhala ndi timizere toletsa kuterereka. Ena pamzerepo ankanong'onezana kuti chimenechi n'chifukwa cha kunyanyala kuja, ena ankati thabwalo linangothyoka. Winifred anayang'ana simenti ya pansi pa lolepo. Inali yoyera, yosesedwa bwino.

Atafika pakauntala anapeza bambo Foster eni ake ali pomwepo, akuyang'anira kuti aliyense asatenge wambiri. Anali munthu wamfupi, waimvi, wotopa m'maso. Winifred anali asanawaonepo pafupi chonchi.

"Monire, mama," anatero bambo Foster. "Ndinu a bizinesi kapena wa pakhomo?"

"Wa mandasi."

"Apatseni wa bizinesi awa."

Sanamuzindikire. Analibenso pomudziwira, poti sanaonanepo.

Mpaka lero Winifred amakazinga pamphambano pomwe paja. Wiza anakhala nthawi osalawa mandasi a mayi ake, kenako tsiku lina anatola limodzi popita kusukulu, ndipo nkhaniyo sanaikambe. Kumsika amayi akamakumbutsana za nthawi imeneyo amati, "Tinamuonetsa Foster, pakhonde pake panamera udzu." Winifred akamva amangotembenuza mandasi m'mafuta, kuwatsanulira m'beseni, n'kuvundikira ndi nsalu kuti asalowe fumbi.