Che Imedi ndi Bango la ku Lungwena

Che Imedi a ku Lungwena sanagwirepo khasu mpaka kutuluka matuza, koma ndiwo anamaliza bango ndi mitengo ya m'mbali mwa nyanja. Anthu othawa nkhondo ku Mozambique atadzaza m'midzi, iwo anangoonapo antchito osavuta. Anawadulitsa bango lonse n'kuwakumbitsa madamu a chambo, malipiro ake kambale ka gaga.

Madamuwo sanakhalitse. Mwera utakula, mafunde anagumula makoma, nsomba zinathawira m'nyanja, madzi n'kuyamba kudya minda ya anthu.

Kenaka bungwe lina linabwera ndi mbande za mitengo zoti zibzalidwe pagombepo. Woyamba kufika pamsonkhano anali Che Imedi, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo.

"Ine mitengo ndimaikonda kuyambira ndili mwana," anatero mopanda manyazi, ndipo alendo a bungwelo anawapatsa upampando wa komiti yobzala mitengo.

Tsiku lobzala litafika, Mayi Joana, mmodzi mwa othawa nkhondo aja, analowanso m'matope momwe anadulamo bango, misundu ikuwaluma miyendo. Che Imedi anaima pouma, akuloza ndi ambulera.

"Mayi, fulumirani! Alendo akufuna kundijambula!"

Mayi Joana analavulira pambali n'kupitiriza kubzala. Mitengoyo inakula ndithu, ndipo Che Imedi anakalamba akuuza aliyense wodutsa kuti nkhalangoyo anabzala okha.