Matope Amene Don Hilarión Anapha

Don Hilarión Terceros ankachoka pakhomo m'mawa atavala malaya osita bwino, moti ukakumana nawo unkati akupita kubanki. Munthu akawafunsa za ntchito ankangoti, "Za madzi," n'kusintha nkhani. Silinali bodza kwenikweni. Anali madzi ndithu, koma a m'zimbudzi za tawuni yonse, amene ankatsikira kumalo oyeretsera kuseri kwa minda, kumunsi kwa chigwa cha Cochabamba. Anayamba ntchitoyi atatopa ndi kuumba njerwa ndi bambo awo, ndipo imvi zinawapeza akupalabe nsanza ndi matewera pa sefa yachitsulo pomwe madziwo amalowera. Asanaweruke ankasamba kawiri, komabe m'minibasi ankakhala pawindo kuopa kuti wina angakwinye mphuno.

Chodabwitsa n'chakuti ntchitoyo ankaikonda. Pakati pa malowo pali thanki lalikulu limene makina amapoperamo mpweya, madzi ake n'kumawira ndi matope ofiirira. Matopewo ndi amoyo. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa, kenako matope amadikha pansi, madzi oyera n'kutsala pamwamba. Akakhala okha, Don Hilarión ankatilankhula tizilomboto ngati mbuzi za m'khola mwawo. Koma zoti akanene zimenezi pagulu, bola kufa.

Chaka chimene mwana wawo Noemí anafunsiridwa ukwati, akuluakulu a kampani analamula kuti woyendetsa malowo akhale ndi chiphaso, ndipo wopanda chiphaso aone msana wa njira. Mayeso olemba anakhoza ndi thukuta, Noemí akuwawerengetsa. Anatsala mayeso a pamalo pa ntchito, sabata yotsatira chikondwerero cha kanivolo. Funso lakuti klorini, mankhwala opha tizilombo, amathiridwa pati ankaliyankha ngakhale ali m'tulo: kumapeto, madzi akamatuluka, osati m'thanki la tizilombo.

Ndiye akazi awo, Doña Basilia, anabwera ndi nkhani.

"Bambo a Noemí, asewere akubwera Lachiwiri kudzathira challa kuntchito kwanu."

Challa ndi mwambo wa Lachiwiri la kanivolo, pamene aliyense amathira pansi mowa wa chimanga wotchedwa chicha ndi kuwaza maluwa pa nyumba, pa lole kapena pa sitolo, kuti Mayi Dziko adalitse pamene munthu amadyerapo.

"Kuntchito kwa ndani?"

"Kodi muli ndi ntchito zingati? Doña Petrona akufuna aone kumene apongozi a mwana wawo amapezera ya mchere."

"Auzeni kuli agalu oluma."

"Agaluwo ndinu. Mudzabisa mpaka liti, bambo inu? Nawonso asewerewo amapita kuchimbudzi, kapena mumati amaikira mazira?"

Lolemba anzawo onse anali kovina, Don Hilarión ali okha pantchito. Anasesa, anapaka miyala laimu, anamangirira timapepala tamitundumitundu pa mipanda. Koma fungo la polowera madzi silinamve tsache, ndipo thanki linkangowira bii. Anaima pamenepo n'kuliyang'ana mmene Doña Petrona akanaliyang'anira, chipewa chawo choyera chili pamutu, mpango uli pamphuno. Paja manyazi anapha lambe. Anakunkhuniza madiramu a klorini kuchokera m'sitolo, anakhuthula ena polowera madzi, otsalawo m'thanki momwe. Musaganize kuti sankadziwa chimene akuchita. Ankadziwa, n'chifukwa chake pokhuthulapo anayang'ana kumbali.

Alendo anafika ndi chigubu cha chicha ndi dengu la maluwa. Doña Petrona, mayi wamalonda wosabisa mawu, ananunkhiza uku ndi uku.

"Asewere, koma anthu ndi amabodza! Amati kuno ntchentche zimakomoka. Taonani, kukumveka ngati kuchipatala!"

Onse anaseka. Mayiwo anathira chicha pangodya ya thanki n'kunena kuti, "Imwani, Mayi Dziko, malo ano abereke." Don Hilarión anamwa nawo m'chikho chomwecho. Kwa nthawi yoyamba anthu anawatama chifukwa cha ntchito yawo, ndipo manyazi anawagwira kuposa kale lonse.

Pofika tsiku la mayeso fungo la klorini linali litatha, koma pathanki panali thovu loyera, ndipo madzi otuwa ankatsikira m'ngalande yothirira minda ya anyezi. Wodzayesa anali Injiniya Rocha, mayi wachitsikana wovala jombo. Anatunga madzi a m'thanki m'botolo, analiika pakhoma n'kudikira. Matope sanadikhe.

"Don Hilarión, chachitika n'chiyani apa?"

"Tizilombo tafa, mayi injiniya."

"Tasowa mpweya?"

"Mpweya ulipo. Mwalowa poizoni."

"Mwayankha bwino." Injiniya anatembenukira kumtunda, kumene mapaipi amachokera. "Ndi a zikopa aja eti? Kanyumba kofufutira zikopa kali kumtundaku. Anthu otere nthawi ya chikondwerero amatayira mankhwala m'paipi poganiza kuti palibe akuona."

Zoona zinafika pakhosi. Koma Don Hilarión anaganiza za ntchito, anaganiza za ukwati umene unali pafupi, ndi mmene Doña Petrona akanaisimbira nkhaniyo pamsika. Sananene bodza ndi pakamwa. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Zotsalazo zinali zapafupi. Anafotokoza kuti thankilo lifunika matope amoyo ochokera kumalo oyeretsera a tawuni ina, ndi kuti alimi achenjezedwe asathirire kaye. Injiniya analemba, n'kuwagwira chanza. Mwezi usanathe akuluakulu anatseka kanyumba ka zikopa kaja, kamene kanali ka mkulu wina, Don Saturnino, ndi ana ake. Chiphaso chinabwera, ndipo Doña Basilia anachiika m'galasi n'kuchipachika pabalaza, pamene wolowa aliyense angachione.

Tsiku la ukwati pakhomo panadzaza, poti kuno sukaniza mnansi mbale ya chakudya. Don Saturnino nawo anabwera, atavala jekete lowakulira, manja awo akadali akuda ndi ntchito imene analibenso. Anaima pa chiphasocho n'kuchiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Kenako anavula chipewa.

"Mwatichotsa manyazi, Don Hilarión. M'dera muno tili ndi munthu wa pepala tsopano."

"Zikomo, Don Saturnino. Mwalandira chakudya?"

"Ndadya, ndadya. Koma poti inu ndi amene mumadziwa za madzi, tandithandizeni, chifukwa ine mutu wandizungulira. Sabata ya kanivolo ija ife sitinanyike ngakhale chikopa chimodzi. Tinatseka, tonse tinali kovina. Nanga mankhwala anga anayenda bwanji okha mpaka kwanuko?"

Mkuluyo sankanyoza ayi. Ankafunsa ndi mtima wonse, maso ali pa munthu amene ankamukhulupirira. Don Hilarión anayang'ana chiphaso chija pakhoma. Panjapo malipenga analira, ndipo Doña Petrona anakuwa kuti bambo a mkwatibwi atuluke adzatsegule bwalo.

"Pitani, pitani, akukudikirani," anatero Don Saturnino, akuwapatsa njira. "Mudzandiyankha tsiku lina."

Don Hilarión anatuluka n'kukavina, anthu akuwaombera m'manja.